MASAMU AMAFERA MU SITANDADE 2, A MANEB AMANGOLENGEZA MALIRO

Chaka chilichonse a MANEB akatulutsa zotsatira za mayeso, dziko limakhala ngati lili pa siwa. Nduna imayankhula pa wailesi, makolo amagwira chibwano, aphunzitsi a ku sekondale amaloza chala anzawo a ku pulayimale, a ku pulayimale amaloza makolo, ndipo mapeto ake tonse timagwirizana pa mfundo imodzi yotonthoza mtima: ana a masiku ano ndi aulesi, masamu akuwakanika chifukwa cha mafoni ndi mavidiyo. Tikatero timasasa fumbi n'kubalalika, kudikira chaka chamawa kuti tidzalirenso.

A Malawi anzanga, bodza ili latikwana. Mwana amene walephera masamu mu Fomu 4 sadayambe kulephera mu Fomu 4. Adalephera zaka 10 m'mbuyomo, ali mu Sitandade 2, tsiku limene adamuuza kuti wakhoza, apite kalasi ya patsogolo, chonsecho sankatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi wa m'buku lake. Masamu ake adafera pomwepo. A MANEB amangobwera kudzalengeza maliro a munthu amene adatsikira kulichete kalekale.

Chichewa chathu chimaidziwa nkhaniyi kuposa mabwana a ku Capital Hill. Makolo athu ataona buku koyamba sadavutike n'kupeka mawu atsopano. Adatenga mawu omwe aja ankanena poona ngati mbuzi zakwana m'khola, n'kunena kuti munthu woyang'ana malembo papepala nayenso akuwerenga. Mpaka lero timawerenga kalata, timawerenganso ndalama. Mawuwa ndi amodzi chifukwa ntchito zake n'zapachibale: kutenga zizindikiro chimodzichimodzi, motsata dongosolo lake, mpaka zitakuuza kanthu. Amene wam'mana mwana kuwerenga koyambako wam'mananso kwachiwiriko.

Zomba alibe pothawira

Tiyambire pano pa Zomba, chifukwa ngati pali malo amene sanganamizire kusadziwa ndi ano. Mtsinje wa Likangala umatsika m'phiri la Zomba, kudutsa m'tauni cha ku Mpondabwino ndi Chikanda, kulandira madzi a Mulunguzi, kuthirira mpunga wa ku sikimu, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Tsono taonani maofesi amene ali m'dera la mtsinje umenewu. Pali likulu la MANEB, olemba ndi kuchonga mayeso a dziko lonse. Pali National Statistical Office, amene ntchito yawo ndi kuwerenga a Malawi pamodzi ndi mavuto awo. Pa Chirunga pali Yunivesite ya Malawi, imene idakhazikika pamenepo mu 1973 ikutchedwa Chancellor College, ndipo pansi pake pali Centre for Educational Research and Training ndi Centre for Language Studies. Mukayenda pang'ono pa msewu wa ku Liwonde mwafika pa Domasi, pamene pali Malawi Institute of Education, olemba silabasi ndi mabuku a ana athu, komanso koleji yosula aphunzitsi.

Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma likulu la maphunziro lidatsala kuno. Wolemba buku ali pano, wophunzitsa mphunzitsi ali pano, wolemba mayeso ali pano, wowerenga olephera alinso pano. Palibe mmodzi wa iwo anganene kuti uthenga sudamupeze.

Uthengawo ndi uwu. Mu kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene adachita a National Statistical Office omwewa mothandizidwa ndi UNICEF, ana a zaka 7 mpaka 14 adapatsidwa kankhani kakafupi kuti awerenge n'kuyankha mafunso. Kenaka adapatsidwa timasamu ta makalasi oyambirira: kutchula nambala, kunena yaikulu pa nambala ziwiri, kuphatikiza, ndi kupeza nambala imene yasowa pa mndandanda. Amene adakhoza kuwerenga adali 19 okha mwa ana 100 aliwonse. Amene adakhoza masamu adali 13. Ziwerengerozi n'za dziko lonse, ndipo mwana wa ku Chikanda kapena wa kumunsi ku Chilwa ali m'kati mwake momwemo. Taonani mmene nambala ziwirizi zatsikira limodzi ngati mapasa. Kodi zangochitika mwangozi?

Masamu ali ndi chilankhulo

Alipo ena, ophunzira ndithu, amene amati masamu alibe chilankhulo: 2 kuphatikiza 2 ndi 4, kaya ku Zomba kaya ku London. N'zoona. Koma mwana sabadwa akudziwa kuti kachizindikiro kokhota kaja kakuimira zinthu ziwiri. Nambala yolembedwa ndi mbale wake wa lembo, ndipo imaphunziridwa m'njira yomweyo. Mwana amene waphunzira bwino maliwu ndi maphatikizo amadziwa kuti chizindikiro cha papepala chimaimira china chake, kuti timayambira kumanzere kupita kumanja, ndipo kuti malo a chizindikiro ali ndi tanthauzo. Amadziwa kuti "lemba" ndi "mbale" ndi maphatikizo awiri omwewo, koma atasinthana malo asanduka mawu ena. Mwana ameneyo savutika kumva kuti 12 ndi 21 si nambala imodzi. Mnzake amene sadaphunzire zimenezi amangoona 1 ndi 2, ndipo kwa iye kutsogoza iyi kapena iyo n'chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi mawu enieniwo. Masamu a mwana wamng'ono amayenda pa mawu monga zambiri, zochepa, kuposa, kuchepera, zotsala, theka, aliyense, mofanana, patsogolo, pambuyo. Mwana amene sakumvetsa kusiyana kwa "apatse aliyense ziwiri" ndi "agawane ziwiri" sangamve kusiyana kwa kuchulukitsa ndi kugawa, ngakhale mutam'lowezetsa matebulo mpaka khosi litauma. Ku America, David Purpura ndi anzake adatsatira ana ang'onoang'ono osayamba pulayimale ndipo mu 2011 adasindikiza zimene adapeza: kuchuluka kwa mawu amene mwana akudziwa, ndi kuzolowera kwake malembo, zinkalosera mmene achitire pa manambala chaka chotsatira. Ameneyo ndi mwana wa dziko lolemera, wa mabuku m'nyumba. Nanga wathu?

Chachitatu n'chakuti mutu wa munthu sunyamula katundu wambiri pa kamodzi. Mwana amene akuwerenga movutikira, phatikizo limodzilimodzi chala chili papepala, akamafika kumapeto kwa funso amakhala ataiwala poyambira. Mphamvu zake zonse zathera pa kutchula mawu, palibe zotsala zoganizira samuyo. Ndipo m'kalasi ya ana oposa 100, imene si yachilendo m'dziko muno, mphunzitsi sangafike pa mwana aliyense. Mphunzitsi wachiwiri ndi buku. Mwana wotha kuwerenga akhoza kubwerera pa chitsanzo cha m'buku madzulo n'kudziphunzitsa yekha chimene sadamve m'mawa. Wosatha kuwerenga akangophonya mawu a aphunzitsi tsiku limenelo, basi, zapita. Choncho mpata wa pakati pa ana awiriwa umakula chaka ndi chaka.

Musati ana athu ndi ogona. Pitani mu msika wa Zomba mukaone kamtsikana kothandiza mayi ake kugulitsa tomato kapena matemba a ku Chilwa. Mukagula milu itatu ya K500 n'kupereka K2,000, chenje chanu chimabwera musanamalize kutseka chikwama. Mwana yemweyo mukam'lembera samu yomweyo papepala amaluma pensulo. Izi si za kuno kokha. Mu 1985 ofufuza atatu, Terezinha Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, adalemba za ana asanu ogulitsa malonda m'misewu ya mzinda wa Recife ku Brazil. Pa malonda pawo anawo adakhoza masamu 98 mwa 100 aliwonse. Masamu omwewo atawapatsa ngati manambala okhaokha a kusukulu adakhoza 37. Nzeru zilipo. Chimene chikusowa ndi mlatho wochoka pa zimene mwana akudziwa m'mutu kupita pa zimene zalembedwa, ndipo mlatho umenewo ndiyo ntchito ya Sitandade 1 ndi 2.

Sindikunena kuti mwana akangodziwa kuwerenga buku ndiye kuti masamu abwera okha. Greg Duncan ndi anzake, atasanthula kafukufuku wa magulu 6 a ana a ku America, Britain ndi Canada, adalengeza mu 2007 kuti chimene chimalosera kwambiri tsogolo la mwana pasukulu ndi masamu amene wayamba nawo, kenaka kuwerenga. Zonse ziwiri zimafunika kuphunzitsidwa, msanga, ndi munthu wodziwa ntchito yake. M'mera mpoyamba.

Nambala imodzi, maina atatu

Mwana wa kuno amakumana ndi nambala imodzi itavala malaya atatu. Agogo ake amati makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu. Ku msika ndi m'minibasi amati sevente eyiti. Pa bolodi aphunzitsi alemba 78. Mphunzitsi wosaphunzitsidwa bwino amaona ngati ili ndi vuto. Wophunzitsidwa bwino amadziwa kuti ichi ndi chuma. Tamverani nokha: mwana akati "zisanu ndi zitatu" wachita kale samu yophatikiza, 5 ndi 3. Akati "makumi awiri" wachulukitsa kale 10 kawiri. Akati "khumi ndi ziwiri" wanena poyera chimene chabisika m'mawu a Chingerezi akuti twelve. Chichewa chimayala mafupa a nambala pa mphasa kuti mwana awaone. Koma ndi aphunzitsi angati amene adauzidwa ku koleji kuti ayambire pamenepo?

Tsono mwana akamati wayamba kuima, timam'sesa miyendo. Kwa zaka zambiri dongosolo la sukulu zathu lakhala lakuti makalasi oyambirira aphunzire m'Chichewa, ndipo akafika mu Sitandade 5 zonse zitembenukire ku Chingerezi. Mayeso a masamu a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi. Taganizirani funso lonena kuti Chikondi ali ndi mango 12, ndipo ali ndi "5 more than" Mavuto, ndiye Mavuto ali ndi angati. Mwana amene Chingerezi sachimva amasaka liwu limodzi lomwe adaloweza. Waona "more", wakumbukira kuti aphunzitsi adati ukaona liwu limeneli uziphatikiza, walemba 17. Koma mufunseni m'chilankhulo chake: Chikondi ali ndi mango 12, akuposa Mavuto ndi mango 5, Mavuto ali ndi angati? Ayankha 7 akusewera. Wochonga mayeso alemba kuti mwanayu sadziwa masamu, pamene chimene wayesa ndi Chingerezi. Ndipo kumbukirani kuti m'boma lino la Zomba muli ana ambiri amene kwawo amayankhula Chiyao. Kwa iwo Chichewa ndi phiri loyamba, Chingerezi ndi lachiwiri.

Boma lililonse lakhala likuvina gule wakewake pa nkhaniyi. Mu 1968 chipani cha Malawi Congress chidalamula kuti Chichewa ndicho chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a zilankhulo zinazo sadafike m'makalasi ndipo aphunzitsi sadakonzekeretsedwe, choncho lamulolo lidafera m'kabati. Mu 2013 lamulo latsopano la zamaphunziro lidati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1. Malamulo atatu, njira zitatu, ndipo palibe ngakhale limodzi limene lidayamba lafunsa kuti kodi mwana wa zaka 6 amamva bwanji nambala. Mphunzitsi adasiyidwa yekha kuti azisakaniza zilankhulo mmene angathere.

Inu akuluakulu amene mudabwerera kwathu mu 1993 ndi 1994 mutakhala zaka ku Dar es Salaam, mudaona ndi maso anu ana a ku Tanzania akuphunzira pulayimale yonse m'Chiswahili. Pulofesa Mercy Kazima wa pa Chirunga pomwepa adalemba mu 2008 kufananiza njira zathu ndi zawo: anzathuwo adakhala pansi n'kupanga mawu a masamu m'chilankhulo chawo, ife tidangobwereka a Chingerezi n'kuwaveka kalembedwe ka Chichewa. Mwana wa kumeneko akamva "pembetatu" wamva kale kuti chinthucho chili ndi ngodya zitatu. Wathu akamva "thirayango" wamva phokoso. Pa mayeso a SACMEQ a 2007, amene adayesa ana a Sitandade 6 m'maiko 14 ndi chilumba cha Zanzibar, Tanzania idatsogola pa kuwerenga ndipo idali yachitatu pa masamu. Malawi adali kumchira pa kuwerenga, ndipo pa masamu adangoposa Zambia yokha. Ku Tanzania nakonso si ku paradizo, ana awo amapunthwa akafika ku sekondale kumene Chingerezi chimawadzidzimutsa. Koma amafikako atadziwa kale kuwerenga kwa mitundu yonse iwiri.

Ndani waima kutsogolo kwa Sitandade 1?

Matendawa ali ndi mbiri yake. Mu 1981 Dr. Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ya aphunzitsi ochokera kunja, ya Chilatini ndi Chigiriki, yosankhira ana owerengeka, pamene ana a anthu wamba ankabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa fizi. Ulamuliro umenewo udatiphunzitsa kuti maphunziro ndi denga lokongola, maziko alibe ntchito. Titavotera nyali pa 14 June 1993 n'kusankha boma latsopano pa 17 May 1994, a Bakili Muluzi adachotsa fizi ku pulayimale. Chimenecho chidali chilungamo ndipo palibe munthu wanzeru angachinyoze. Ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma walira mvula walira matope. Boma lidalemba ntchito aphunzitsi osaphunzira zauphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo a setifiketi ya JCE, n'kuwaonetsa ntchito kwa masabata osakwana atatu, kenaka n'kuwapatsa choko.

Pulogalamu ya MIITEP, imene idayamba mu 1997, idayesa kuzimitsa moto: miyezi itatu ku koleji, nthawi yotsalayo mphunzitsi aziphunzira ali pa ntchito. Mu 2005 kudabwera IPTE, imene idayamba ndi chaka chimodzi ku koleji ndi china kusukulu. Anthu amenewa adagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochititsa manyazi, ndipo ambiri a ife tidadutsa m'manja mwawo. Koma tinene mosabisa mawu: ana amene adalowa Sitandade 1 mu 1994, kuphunzira pansi pa mtengo popanda buku, lero ali ndi zaka za m'ma 30 kulowera ku 40. Ndiwo makolo amene tikuwauza kuti azithandiza ana homuweki. Ena mwa iwo ndiwo aphunzitsi. Munthu amene yekha adangoloweza masamu osawamva adzaphunzitsanso kuloweza, chifukwa sangapereke chimene alibe.

Kuwonjezera pamenepo pali mchitidwe umene aliyense akuudziwa koma palibe amautchula. Mphunzitsi wamkulu amatamandidwa kapena kunyozedwa malinga ndi ana amene asankhidwa kupita ku sekondale. Ndiye mphunzitsi waluso amam'ika kuti? Mu Sitandade 8, mmene ana atsala ochepa chifukwa ambiri adagwera panjira. Nanga mu Sitandade 1, mmene ana adzaza mpaka pakhomo? Mumapita watsopano, wotopa, kapena amene sakumvana ndi ahedi. Boma lenilenilo lidadziikira muyeso wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma makalasi amene amauphwanya kwambiri muyesowu ndi a m'munsiwa. Ntchito yovuta kuposa zonse pasukulu, yotsegula maso a mwana amene sadagwirepo pensulo, timaiona ngati yolera ana. Tikumanga nyumba poika mmisiri padenga, maziko n'kusiyira wothandizira.

Sindikuloza chala mphunzitsi wa Sitandade 1. Mayi amene waima kutsogolo kwa ana 120, buku limodzi ana angapo, palibe chimene angachite koposa kuwaimbitsa mokweza kuti a, e, i, o, u, ndi wanu, thu, firii. Kalasi imamveka bwino mukamadutsa pamsewu, koma m'kati mwa khwimbi limenelo mwana akhoza kutsegula pakamwa chaka chonse osadziwa lembo limodzi. Chopweteka n'chakuti m'zaka zapitazi taona achinyamata omaliza IPTE akukhala pakhomo zaka, kudikira kuti boma liwalembe ntchito, makalasi akusefukira.

Maziko a ngongole

Mu lipoti lake la 2018, World Bank idatchula Malawi ngati dziko limene ana pafupifupi 9 mwa 10 omaliza Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi pa mayeso a 2012. Manyazi amenewa adathandiza kubala National Reading Programme mu 2016, imene idabweretsa mabuku atsopano ndi kuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo mwa dongosolo. Ntchito yabwino. Koma ndalama zambiri zidachokera ku USAID, ndipo ntchito yokonzanso masamu a Sitandade 1 mpaka 4 imene idatsatira idadalira thandizo la boma la Britain. Kuwerenga malembo kudapeza mwini wake ku Washington, kuwerenga manambala ku London, ngati kuti ndi ana awiri osiyana. Mu 2025 boma la America lidatseka USAID. Kodi dziko limene lidalandira ufulu mu 1964 lingamadikire mlendo kuti adzaphunzitse ana ake a, e, i, o, u? Galimoto za nduna timagula ndi ndalama zathu. Bwanji buku la Sitandade 1 likhale la chifundo cha ena?

Ena akuti yankho ndi matabuleti. Mu 2013 pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham adayesa ana amene adagwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu ya bungwe la onebillion theka la ola pa tsiku kwa masabata 8, ndipo adapeza kuti adaposa anzawo. Mu 2023 boma lidayamba kufalitsa matabuleti otere m'sukulu kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Tiwalandire. Koma tifunse kuti chinsinsi chake n'chiyani. Kachipangizoko kamayankhula ndi mwana mmodzi payekha, m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndipo sikapitirira mwana asanamve. Kakungochita zimene mphunzitsi wabwino akadachita tikadam'patsa ana ochepa ndi nthawi yokwanira.

Mu 2025 a Peter Mutharika atapambana chisankho adalengeza kuti sekondale za boma zikhala zaulere kuyambira January 2026. Kholo lililonse losauka lidasangalala, ndipo m'pomveka. Koma phunziro la 1994 lisatidutse. Kutsegula chitseko ndi chinthu china, kuphunzitsa amene walowa ndi chinanso. Mwana wofika mu Fomu 1 asakutha kuwerenga funso la masamu, fizi yaulere siim'thandiza kumva aljebura. Madzi a Likangala akaipa cha ku mtunda, mlimi wa mpunga ku sikimu ndi msodzi wa ku Chilwa sangawayeretse.

Zimene tikufuna

Choyamba, aphunzitsi aluso apite mu Sitandade 1, 2 ndi 3, ndipo pakhale kangachepe kowonjezera pa malipiro awo kuti ntchitoyo ikhale yaulemu. Mphunzitsi wamkulu aziyesedwa ndi ana amene akutha kuwerenga pomaliza Sitandade 2, osati ndi osankhidwa a Sitandade 8 okha.

Chachiwiri, muyeso wa ana 60 uyambire m'makalasi a m'munsi, ndipo pasakhale mphunzitsi wophunzira ntchito amene akugulitsa mandasi pakhomo pamene kalasi ina ili ndi ana 120.

Chachitatu, mwana aliyense akhale ndi buku lake lowerenga ndi la masamu lopita nalo kunyumba, logulidwa ndi misonkho yathu. Aphungu athu, kuphatikizapo a kuno ku Zomba, aifunse nduna ya zachuma kuti ndalama imeneyi ili pa tsamba liti la bajeti.

Chachinayi, masamu aphunzitsidwe m'chilankhulo chimene mwana akumva, Chingerezi chizilowa pang'onopang'ono osati kugwa ngati mphezi. A Centre for Language Studies ndi a Malawi Institute of Education atalikirana ulendo wosakwana ola limodzi. Akhale pansi ndi aphunzitsi a m'kalasi atipatse mawu a masamu omveka m'Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka. A MANEB asindikize mafunso a masamu a Sitandade 8 m'zilankhulo ziwiri, kuti tidziwe ngati tikuyesa masamu kapena Chingerezi.

Chachisanu, pomaliza Sitandade 2 mwana aliyense ayesedwe payekha kuwerenga kankhani ndi kuchita timasamu tochepa, ndipo chiwerengero cha okhoza chimatidwe pakhoma la sukulu monga timachitira ndi zotsatira za chisankho, kuti makolo adziwe lero, osati patatha zaka 10.

Wina afunsa kuti nkhani ya choko ndi makope ikutani m'nyuzi ya ndale. Yankho n'lakuti demokalase ndi masamu. Pa 3 February 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo umboni waukulu udali mapepala a zotsatira opakidwa Tippex. Adagwira chinyengocho ndi anthu otha kuwerenga pepala ndi kuphatikiza manambala. Khoti lomwelo lidati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo munthu wosadziwa peresenti adangoona sopo atakwera osadziwa wom'funsa. Mlimi wa mpunga amene satha kuwerenga sikelo amadyeredwa ndi vendala. Mayi amene satha kuwerengera chiwongola dzanja amamizidwa ndi wakatapila. Mtundu umene ana 13 okha mwa 100 akutha masamu a makalasi oyambirira ndi mtundu wosavuta kuubera, ndipo akuba akudziwa zimenezo. Inu amene mudavutika kunja ndi m'ndende kuti tikhale ndi ufulu wovota, kodi mudavutikira mavoti a anthu amene sangathe kuwawerenga?

Wakutsina khutu ndi mnansi. Musadikire a MANEB. Madzulo ano itanani mwana wanu, mdzukulu wanu kapena wa mnansi wanu amene ali mu Sitandade 3, mum'patse tsamba lino awerenge ndime imodzi, kenaka mum'funse za mango a Chikondi ndi Mavuto. Akakhoza, kathokozeni aphunzitsi ake. Akalephera musam'kalipire, mlandu si wake. Mawa m'mawa pitani kusukulu mukafunse kuti m'kalasi mwake muli ana angati, mabuku ndi angati, ndipo akuphunzitsa ndani. Mukatero kafunseninso khansala ndi phungu wanu, ndipo musachoke asanakuyankheni. Zengerezu adalinda kwaukwau.